Banja limodzi, maina awiri: mmene Afalansa a ku Quebec ankatchulirana

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili ku Quebec, chigawo cha Canada kumene anthu ambiri amayankhula Chifalansa. Aliyense wofufuza makolo ake kumeneko amapunthwa pa chinthu chimodzi: munthu mmodzi kulembedwa maina awiri a banja.

[Pa sikirini: tsamba la kaundula wakale wa parishi]

Taonani mzerewu: Hudon dit Beaulieu. Liwu lapakatilo, dit, likutanthauza "wotchedwa". Hudon ndi dzina limene kholo linachoka nalo ku France, Beaulieu ndi lowonjezera. Mibadwo itapita, zidzukulu zina zinatsala ndi Hudon, zina zinangotenga Beaulieu, koma magazi ndi amodzi.

Ambiri mwa maina oterewa anabwera ndi asilikali. Mu 1665 Mfumu Louis XIV inatumiza gulu la Carignan-Salières, asilikali pafupifupi 1,200, ku Canada kukalimbana ndi a Iroquois, mitundu ya eni nthaka kumeneko. Masiku amenewo munthu akalowa usilikali ankapatsidwa dzina la kunkhondo: Lafleur, ndiye kuti duwa, kapena Jolicoeur, wa mtima wokoma. Nkhondo itatha, pafupifupi 400 sanabwerere kwawo. Anapatsidwa minda, ndipo ena anakwatira atsikana otchedwa Filles du roi, ndiye kuti ana aakazi a mfumu, pafupifupi 800, amene mfumu inawalipirira ulendo wochokera ku France pakati pa 1663 ndi 1673.

Chifukwa china n'chakuti oyambitsa mabanjawa anali ochepa, koma ankabereka kwambiri. Tremblay, dzina lofala kuposa onse ku Quebec, likuchokera kwa bambo mmodzi, Pierre Tremblay, amene anafika mu 1647. Ndiye parishi imodzi ikadzaza anthu a dzina lofanana, ankawasiyanitsa ndi malo amene akukhala, kwawo ku France, ntchito kapena khalidwe. Amene munapitako ku Mua mukudziwa Bambo Claude Boucher a ku Montréal, amene anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni mu 1976. Ku Malawi anapatsidwa mfunda wa Chisale, n'kumatchedwa Claude Boucher Chisale. Makolo awo a ku Quebec sakanadabwa nazo.

Maina a ubatizo nawo ali ndi msampha wake. Mwana wamwamuna ankayamba ndi Joseph, wamkazi Marie, kenako dzina la womuimira pa ubatizo, ndipo dzina lomuitanira pakhomo limakonda kubwera kumapeto. A Jean Chrétien, nduna yaikulu ya Canada kuyambira 1993 mpaka 2003, dzina lawo lonse ndi Joseph Jacques Jean Chrétien. Komanso mwana akamwalira ali wakhanda, dzina lake ankatha kulipereka kwa wobadwa pambuyo pake.

Tsono wofufuza agwire pati? Agwire dzina la amayi. Apa ansembe aja ndimawayamikira ndi mtima wonse. Polemba ubatizo, ukwati kapena maliro, mkazi ankamulemba ndi dzina la kwawo ngakhale ali pabanja, ndipo pa ukwati ankatchulanso makolo a mbali zonse ziwiri. Bambo akaoneka Hudon apa, Beaulieu apo, koma mkazi ndi yemweyo, mwawapeza. M'mabuku amenewa ndi mmene wansembe Cyprien Tanguay anatolera mibadwo ya mabanja, n'kusindikiza mavoliyumu 7 pakati pa 1871 ndi 1890. Kuyambira 1981, lamulo la Quebec limati mkazi azisunga dzina lake lobadwa nalo akakwatiwa.

[Pa sikirini: mapu a New England]

Nkhani inavuta anthu atayamba kuwolokera ku United States. Pakati pa 1840 ndi 1930, pafupifupi 900,000 anapita kukagwira ntchito, ambiri m'mafakitale a nsalu a m'matauni ngati Lowell, Manchester ndi Woonsocket. Kumeneko maina ena anatembenuzidwira m'Chingerezi: Roy anakhala King, Leblanc White, Boisvert Greenwood. Choncho a King a ku Lowell akhoza kukhala a Roy, ndipo popeza kunali banja la Roy dit Desjardins, abale awo otsala ku Quebec mwina lero akulembedwa Desjardins.