Zithunzi za nkhalango yasinowo: mdima pawokha sukhudza mtima

Moni nonse. Lero tikuunika zithunzi za nkhalango m'nyengo yachisanu, zija zachifunga, zodera, zomwe ukaziona mtima umangoti zii. Ojambula ambiri amaganiza kuti chithunzi chikada ndiye kuti chakhudza mtima. Ine ndikukana, ndipo ndikuonetsani chifukwa chake.

Taonani chithunzi ichi cha wojambula wina: nkhalango yasinowo, yachifunga, momwe muli mtengo wopindika. Diso lanu lafikira pati? Langa lathamangira pakona yakumwambayo, pomwe thambo loyera likusuzumira pakati pa nthambi. Diso limakokedwa ndi malo owala kwambiri, ndiye kabowo kameneka kalanda ulemu wa mtengo wopindikawu, womwe wojambula ankafuna kuti tiuone. Akanaweramitsa kamera pang'ono, kapena akanavala lenzi yokoka zakutali, monga ya 70-200mm, thambo likanatsala kunja.

Tsikani m'munsimu. Mathunthu awiriwa agundana, akuoneka ngati chimtengo chimodzi chonenepa. Mankhwala ake ndi mapazi basi: kusuntha pang'ono kumanzere, mpata ukanatseguka pakati pawo.

Chimene chili bwino apa ndi chifunga. Mitengo yapafupi ndi yakuda, yapakati yotuwa, yakutali ikungozimirira, ndipo kusiyana kumeneku n'komwe kumachititsa kuti uzimva ngati ungalowemo n'kuyenda. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona munthu walawirira mbandakucha, wapirira kuzizira mpaka zala kuuma, chifunga wachipeza, kenako akafika pa Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, n'kukankha Dehaze ndi Clarity, zida zochotsa chifunga ndi zokhwimitsa maonekedwe a zinthu, mpaka chonse kubalalika. Zomwe zimatsala ndi nthambi zokangana, iliyonse yofuna kuoneka.

Tsopano sinowoyo. Bwanji akuoneka ngati phulusa? Kamera ikamayeza kuwala imakokera zonse ku mtundu wotuwa wapakatikati, uja amati 18 peresenti. Ikakumana ndi sinowo wochuluka imayesa kuti kwawalitsa, n'kuchepetsa kuwala. Wojambula amayenera kuonjezera kuwala yekha, pakati pa +1 ndi +2 pa muyezo wa kuwala wa kamera, uku akuyang'ana histogram, galafu yoonetsa kuchuluka kwa mdima ndi kuwala m'chithunzi, kuti iyandikire kudzanja lamanja, komwe ndi mbali yowala, koma osagunda khoma. Wina anena kuti, "Koma ine ndikufuna chakuda." Chabwino, mukadetse pokonza. Kudetsa chithunzi chowala bwino sikuononga kanthu, pomwe kuwalitsa chomwe chinada pojambula kumatulutsa timadontho tonyansa m'mithunzi.

Za mtundu wabuluu sindichedwapo. Sinowo wa pamthunzi amawalitsidwa ndi thambo, ndiye kabuluu pang'ono n'koona, ndipo kamabweretsa kuzizira m'maso. Pano wapyola muyezo, mpaka makungwa asanduka abuluu. Mukajambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona, white balance, yomwe ndi kayezedwe ka mitundu, mumaibweza mosavuta.

Pomwe ndikutsutsana kwambiri ndi wojambulayu ndi m'mphepetemu. Wazunguliza mdima wandiweyani kuti diso lipite pakati, ndipo makungwa a mitengo yam'mbali afafanizika, yangokhala mizati yakuda bii. Mdimawu sukugwirizana ndi komwe kuwala kukuchokera. Onani, chifunga chikuwala chakumanja, ndiye kumanjako kumayenera kutsala kopepuka, kumanzere n'kumadera pang'onopang'ono. Ndikanakhala ine ndikanachotsa mdima wozungulirawu, n'kudetsa pansi pokha chakumanzere, ndikusiya kamzere ka sinowo kali pa nthambi ya mtengo wopindikawu kuti kakhale kowala kuposa china chilichonse m'chithunzimu.