Hedi ya Hilux ija musamange kaye

Achimwene, uthenga wanu ndaumva. Pepani, dzulo netiweki kuno ku Lizulu inavuta. Ndiye mwati hedi ya injini mwaipeza ku Malangalanga, mukufuna kumanga mawa. Ayi, dikirani kaye. Musa... musamange kaye, mundimvere mpaka ndimalize.

Yambani mwaona nambala pa buloko. Injini yanuyo mwati ndi 3L, ija ya malita 2.8. Anthu amangoti ya L, ya L, ngati zonse n'chimodzi. 2L ndi 2.4, bowo la pisitoni mamilimita 92, pomwe 3L ndi 96, ndiye gasiketi sizifanana. Ndiponso 2L zilipo ziwiri, yakale ija ya ma rocker, ndi inayo ya mashimu, imene kamu imakanikiza mavavu molunjika. Tengani gasiketi yakale muigoneke pa hedi mwagulayo, muone ngati mabowo a madzi ndi a oyilo akukumana. Kenako hediyo itembenuzeni, mutsuke mwaye wonse ndi dizilo, muunike ndi tochi ya foni pakati pa mavavu awiriwo. Zimang'alukira pamenepo injini ikaphika. Kamng'alu kake kamachepa ngati tsitsi. Muikenso rula yachitsulo. Hedi ikakhala yopindika, ipite ku makina ku Lilongwe, osati kupala ndi sandipepa pakhonde.

Gasiketi ya 3L ili ndi makulidwe ake, B, D ndi F, zizindikiro zili m'mphepete. Imatengera mmene pisitoni ikutulukira pamwamba pa buloko. Ngati pansipo simunakhudze, gulani yofanana ndi imene mwachotsayo.

Tsopano apa, apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mabowo a mabawuti. Sindikunena a pa hedi ayi, ndikunena a m'buloko, mmene bawuti imakalowa. Alipo 18. Mukamazula hedi, madzi ndi oyilo zimatsikira mmenemo, zimakhala phee pansi, simungazione. Ine zinandichitikira. Inali pikapu ya bambo ena a ku Bembeke, onyamula mbatatesi kupita nayo ku Golomoti. Ndinamanga bwinobwino, toko renchi kulira kuti tswa, bawuti iliyonse. Koma mabowo awiri akumbuyo munali oyilo. Bawuti ikutsika, ikukanikiza oyiloyo, oyilo alibe kothawira, sipanala n'kulira ngati yafika, chonsecho hedi sinagwire. Mwamva? Sipanala imamva kulimba basi, sidziwa ngati chalimbacho ndi chitsulo kapena oyilo. Patatha masiku anayi, akukwera Khwekhwerere pobwera, redieta inayamba kulavula. Anagona pamsewu bambo aja. Ndinakagula gasiketi ina ndi ndalama zanga, ndipo mpaka lero ndikawaona pamsika mtima umandiwawa. Mwayi buloko sinang'aluke, chifukwa imatha kung'aluka ndithu.

Ndiye kulungani kansalu pa waya, mulowetse bowo lililonse, muzungulize, mutulutse. Kakatuluka konyowa, bwerezani. Mupope mphepo, ngakhale pampu ya njinga imathandiza. Mulowetsenso bawuti ndi dzanja, itsike osakakamira. Onse 18, osati awiri atatu n'kuti ena ali bwino. Bowo louma, bawuti yopaka kaoyilo pang'ono pa mazinga, pang'ono chabe, osati kuviika.

Pomanga yambirani pakati, muzipita kunja mopingasa, pang'onopang'ono mpaka 78 Nm pa toko renchi. Mukatero ikani kadontho ka penti pamutu pa bawuti iliyonse, mupotoze madigiri 90, onse, kenako 90 ina. Eya, kawiri. Kadontho kanayang'ana kutsogolo kayang'ane kumbuyo. Bawuti imene yawonda pakati itayeni, inatamuka kale. Lamba wa taimingi mukudziwa kale, koma musanalize, zungulizani injini ndi sipanala kawiri. Ikagwira penapake imani, mavavu akugunda pisitoni.

Aa, giyabokosi, ndikanaiwala. Mwati ija mwaiona inachoka pa ya petulo, ya 4Y? Belu yake, ndikutanthauza bell housing, chigoba cholumikiza giyabokosi ndi injini, mabowo ake sakumana ndi a dizilo. Pamafunika belu ya injini ya L, ndiye muone ngati ikukwana pa giyabokosiyo. Mnyamata wina wa ku Kampepuza ndinamuuza zomwezi, iye n'kukaboola mabowo ake ndi dirilo, timadawulo, tizitsulo tija tolunjikitsa belu pa injini, n'kuchotsa. Shafiti inakhala chopendekeka, mwezi sunathe, pilot bearing, kabeyaringi kamene nsonga ya shafiti imalowamo, yadyeka, magiya akukana kulowa, makasitomala a kabichi amuthawa. Timadawulo tiwiri tija ndi timene timaongola zonse.

Giyabokosi ili pansi chomwecho, tengani kilachi puleti muilowetse pa shafiti ndi dzanja. Iyende momasuka, mano akumane, isagwedere. Nsonga ya shafiti muiyesenso mu pilot bearing. Muyeze utali, kuchokera pa belu mpaka kumchira, mufananize ndi yakale, chifukwa ikasiyana propshaft ivuta, mauntingi nawonso sakhala pamalo pake. Pokweza, ikakana kulowa, musaikoke ndi mabawuti. Musa... ayi ndithu, mutha kuswa belu. Tsitsani, muongole kilachi, muyesenso.

Kwabwera galimoto pano, ndithamange. Munditumizire chithunzi cha gasiketi yakaleyo, mujambule m'mphepete muli zizindikiromo, ndi nambala ya pa giyabokosi. Ndiziona madzulo ano.