Matenda a shuga a akuluakulu tingathe kuwapewa

A mfumu, amayi ndi abambo, zikomo chifukwa chobwera. Lero tikambirana za matenda a shuga a mtundu wachiwiri, amene amayamba thupi likasiya kumvera insulini, timadzi totuluka m'kapamba timene timachotsa shuga m'magazi kuti alowe m'minofu. Mafuta ounjikana pamimba amasokoneza kwambiri ntchito imeneyi, n'chifukwa chake sitingakambe za shuga osatchula kunenepa.

Kwathu kuno munthu akanenepa timati zikumuyendera, akaonda timanong'onezana kuti akudwala, ndipo maganizo amenewa akutipweteka. Kafukufuku amene bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU linachita ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali onenepa kupyola muyezo, pamene kumudzi anali 27.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti matendawa amapeweka. Ku America anatsatira anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kale kukwera, ndipo zotsatira za mu 2002 zinasonyeza kuti amene anasintha kadyedwe, n'kumayenda ndawala mphindi 150 pa sabata ndi cholinga chochepetsa thupi ndi makilogalamu 7 pa 100 alionse, chiopsezo chawo chinatsika ndi 58 peresenti, pamene kwa amene ankamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Ku Finland anapezanso zofanana mu 2001. Kwa munthu wa makilogalamu 80, apa tikunena zochepetsa thupi ndi makilogalamu osakwana 6.

Sindikuti musiye nsima ayi. Vuto ndi kuchuluka kwa mitanda komanso ufa woyera umene gaga wake yense anatsalira kuchigayo. Bwererani ku mgaiwa, chepetsani mitanda, ndipo bonongwe, nkhwani, chisoso, nyemba, nandolo ndi usipa zichuluke m'mbale. Mandasi ndi tchipisi zikhale za apo ndi apo. Zakumwa ndiye zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa sizikhutitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asafike masupuni aang'ono 12 patsiku, koma botolo limodzi la chakumwa chotsekemera limatha kupyola theka la muyezowu, musanawerengere wa mu tiyi wam'mawa.

Matendawa amakhala zaka zambiri osaonetsa chizindikiro, choncho musadikire ludzu losatha, kukodza pafupipafupi kapena chilonda chosapola. Amene muli ndi thupi lalikulu, kapena kubanja kwanu kuli wodwala shuga, pitani kuchipatala mukapemphe kuyezedwa magazi mwezi uno.