Utsi wa kwa aneba ukulowa m'nyumba: makalata a omvera

Takulandirani omvera nonse ku gawo la makalata. M'mawa uno chifunga chinaphimba phiri la Dedza mpaka dzuwa kukwera, ndipo aliyense akufuna kukhala pafupi ndi moto. Makalata awiri amene ndasankha lero onse akukamba za utsi. Yoyamba yachokera ku Dedza boma, ndipo ikuti:

"Zikomo achimwene a pa wailesi. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala pa lendi m'nyumba ya mdadada. Aneba athu ali ndi chitofu cha nkhuni, ndipo chumuni yake ya njerwa inamangidwa pa khoma lomwe timagawana. Chiyambireni kuzizira mu Meyi, akangoyatsa moto m'mamawa utsi umadzaza kuchipinda kogona ana. Neti yada bii, yunifolomu zikununkha utsi, mwana wanga wa miyezi 9 sakusiya kutsokomola. Masiku ena tonse timadzuka mutu ukuwawa. Nditawauza amayi a m'nyumbamo anati utsi alibe nawo chingwe choti n'kuumanga. Eni nyumba amakhala ku Lilongwe, amangobwera pa mapeto a mwezi. Amuna anga akuti akwera padenga usiku akatseke chumuniyo ndi chiguduli. Ndithandizeni."

Pepani kwambiri mayi. Ndiyambire kwa bambo a kunyumbako, ngati akumvera: bambo, chonde musakwere padengapo. Mukatseka chumuni utsi subwerera m'nkhuni. Udzadzaza m'nyumba ya aneba, ndipo wotsalawo udzalowa kwanu kudzera njira yomweyo imene ukudzera lero, koma wochuluka kuposa kale. Mutha kupha anthu m'nyumba ziwiri usiku umodzi.

Mayi, mawu amene andiopsa m'kalata yanu ndi akuti mumadzuka mutu ukuwawa. Moto ukamayaka mopanda mpweya wokwanira umatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsamwitsa ngati utsi. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, ndiye munthu amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo amene ali m'tulo akhoza osadzukanso. Ndi womwewu umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Mukaona kuti banja lonse likudwala mutu nthawi imodzi, koma mukatuluka panja mukupeza bwino, dziwani kuti vuto lili mu mpweya wa m'nyumbamo. Kuyambira usiku uno ana asagonenso chipinda chimenecho. Ayalireni pabalaza, kutali ndi khomalo, awonjezereni bulangete, ndipo zenera lisatsekedwe lonse. Ndikudziwa kuzizira kwa Dedza mu Juni, koma kuzizira kuli ndi mankhwala ake.

Mwanayo mupite naye kuchipatala mawa, ndipo mukawauze adokotala za utsiwu. Utsi wa nkhuni umachititsa kuti ana aang'ono agwidwe chibayo mosavuta. Mukamuvula malaya n'kuona kuti akupuma mothamanga, kapena pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, musadikire kuti kuche.

Tsopano tiufufuze utsiwo, chifukwa uli ndi njira yake ndipo imapezeka. Masana, lowani m'chipindamo ndi tochi muyang'ane pamwamba pa khoma logawanalo. Nyumba zambiri za mdadada khoma silifika pa malata, pamatsala mpata wolowa dzanja, ndipo ngakhale lifike, mizere ya malata imasiya timabowo. Utsi wodzaza m'khitchini ya aneba umakwera kudenga, n'kuyenda mmunsi mwa malata mpaka kugwera kwa inu. Yang'ananinso pomwe padutsa chumuni. Mukaona kamzere kakuda ka mwaye kotuluka pakati pa njerwa, ngati wina walembapo ndi khala, pamenepo ndiye pali mng'alu. Dothi kapena simenti yomangira njerwa imagumuka ndi kutentha pakapita zaka.

Chumuni ikhozanso kukhala yotsekeka ndi mwaye kapena chisa cha mbalame. Apa ndiye pali khomo lolowera kwa aneba anuwo, mayi. Ngati utsi ukufika kwanu, ndiye kuti amayi aja akuumwa wochuluka kuposa inu, maso ali psuu tsiku lililonse pophika. Mawu awo aja anali owawa, sindikukana. Koma musawapitire m'mawa moto ukuyaka inu mutakwiya. Pitani madzulo ndi mayi wina wachikulire amene nonse mumamulemekeza, muwaitane adzaone okha netiyo ndi mwaye wa pakhoma. Auzeni kuti simukuwaletsa kuphika, mukufuna kuti mukonze limodzi, paja mnzako akapsa ndevu m'zimire. Akavomera, ana onse atuluke panja, iwo ayatse moto pang'ono ndi masamba aawisi, inu muone pomwe utsi ukutulukira n'kulembapo ndi choko, kenako mutsegule zitseko ndi mazenera.

Kukonza kwake n'kwa mmisiri: kupala mwaye m'chumuni kuchokera pamwamba, kumata ming'alu ndi simenti ndi mchenga, ndi kukweza khoma lifike pa malata n'kutseka timabowo tonse. Musatseke mipata ya pafupi ndi chumuni ndi makatoni, masaka kapena majumbo, zimenezo zimagwira moto. Iyi ndi ntchito ya eni nyumba chifukwa khoma ndi chumuni n'zawo. Jambulani zithunzi pa foni muwatumizire, ndipo zikhala bwino inu ndi aneba mukawalankhula ndi mawu amodzi. Akanyalanyaza, kaonaneni ndi mfumu ya m'dera lanu komanso alangizi a zaumoyo, amene angakulozereni ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya boma. Utsi wowononga thanzi la anthu ena ndi nkhani yomwe iwo amayendera.

Kalata yachiwiri yachokera ku Lizulu, ku Ntcheu. "Ine ndine bambo wophika masikono, ndimagulitsa pamsika m'mbali mwa msewu wa M1. Uvuni wanga uli kuseri kwa nyumba, ndinaikako paipi ya lata. Oyandikana nawo akandisumira kwa amfumu kuti utsi ukulowa pa zenera lawo. Ine ndikuona kuti ndi nsanje chabe poti geni ikuyenda. Kodi munthu asamaphike pakhomo pake?"

Bambo, phikani, ndipo geniyo ipitirire. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi musanapite kubwalo: mawa mukayatsa uvuni, pitani mukaime pa zenera lawolo mphindi zisanu. Ngati paipi yanu imathera mmunsi mwa denga, utsi ukupita molunjika m'nyumba mwawo. M'mawa kukazizira ndiponso kukakhala bata, utsi sukwera, umayenda chapansi ngati chifunga. Amisiri a chumuni amatsata muyeso wakuti paipi ipitirire ndi masentimita 60 pamwamba pa chilichonse chomwe chili pafupi nayo mamita atatu. Pitani kwa okhoma zidebe akulumikizireni ina, aikenso kachipewa pamwamba kotchinga mvula, ndipo muimange ndi waya kuti mphepo ya kumapiriko isaigwetse.

Onaninso nkhuni zanu. Paini wamuwisi ali ndi madzi ndi utomoni wambiri, amafuka kwambiri ndipo amasiya phula lakuda m'paipi, lomwe tsiku lina limatha kuyaka lokha. Wazani nkhuni, muziunjike pamalo opita mphepo osanyowa mpaka ziume, mudzaona kuti uvuni ukutentha msanga ndi nkhuni zochepa. Majumbo ndi zidutswa za matayala musayatsire moto, utsi wake ndi woipa kwa aneba, kwa inu ndi kwa odya masikonowo. Mukakafika kwa amfumu mutakweza kale paipi, mlanduwo sukatalika.

Mayi a ku Dedza, mutilemberenso sabata yamawa. Ndikufuna kumva zomwe akuuzani kuchipatala za mwanayo, ndi zomwe mwapeza pamwamba pa khomalo.