Octopus: Nyama Yomwe Inasiya Chigoba

Moni owonera nonse. Nyama yomwe mukuiona pa kanemayi ndi octopus, ndipo ngakhale ili ndi mikono isanu ndi itatu komanso maso akuthwa, ndi m'bale wake wa nkhono. Asayansi amaiika m'gulu la cephalopod pamodzi ndi squid, cuttlefish ndi nautilus. Nyama zonsezi zimakhala m'madzi amchere okhaokha, n'chifukwa chake msodzi wa pa nyanja ya Malawi sangakole octopus muukonde wake, pomwe asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Indian ku Mozambique amamugwira nthawi zonse.

Makolo a nyamazi anayamba kupezeka zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo, ndipo anali ndi zigoba zokhala ndi zipinda zomwe zinkawathandiza kuyandama. Ena mwa iwo, otchedwa ammonite, anachuluka kwambiri m'nyanja mpaka pamene anatheratu zaka 66 miliyoni zapitazo, nthawi imodzi ndi zinyama zikuluzikulu zakale zotchedwa madinoso. Nautilus yekha ndiye akadali ndi chigoba chakunja lero. Mwa squid ndi cuttlefish chigobacho chinachepa n'kulowa m'kati mwa thupi, pomwe mwa mitundu yambiri ya octopus chinatsala kachidutswa chabe kapena chinazimiririratu.

Ine ndimaona kuti kutayika kwa chigobaku ndiko chinsinsi chomvetsera thupi lonse la octopus. Popeza alibe fupa, chiwalo chake cholimba kwambiri ndi mlomo wofanana ndi wa chinkhwe, motero amatha kudzipanikiza n'kudutsa pakabowo kalikonse komwe mlomowo ungakwanepo. Koma thupi lofewa chotere ndi chakudya chosavuta kwa nsomba zolusa, choncho chitetezo chinasamukira pakhungu ndi mu ubongo. Khungu lake lili ndi timatumba tambirimbiri ta utoto tomwe minofu imatitambasula kapena kutifinya, ndipo mtundu wa thupi umasintha m'kuphethira kwa diso. Zikavuta, amalavula madzi akuda n'kuthawa.

Octopus wamba ali ndi maselo a mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi pafupifupi 500 miliyoni, ndipo chodabwitsa n'chakuti magawo awiri mwa atatu a maselowa ali m'mikono, osati m'mutu. Mkono uliwonse umatha kuchita zambiri pawokha, ndipo tizigawo tomatira tomwe tili pansi pake timalawa chinthu chilichonse chomwe tachigwira.

Mitima ali nayo itatu. Iwiri imakankhira magazi ku ziwalo zopumira, wachitatu umawatumiza m'thupi lonse, koma wachitatuwo umaleka kugunda akamasambira mothamanga, n'chifukwa chake amakonda kukwawa pansi. Magaziwo ndi abuluu chifukwa amanyamula okosijeni pogwiritsa ntchito kopa, pomwe athu amagwiritsa ntchito ayironi.

Chomwe chimandimvetsa chisoni n'chakuti nyama yanzeru chonchi imakhala moyo waufupi, kawirikawiri chaka chimodzi kapena ziwiri. Wamkazi amalondera mazira ake osadya, ndipo amafa anawo akangoswa, asanawaphunzitse kanthu.