Alibe mfuti, nanga amateteza bwanji munthu?

[Chithunzi: anthu awiri ovala majekete obiriwira akuyenda pambuyo pa mayi wina mumsewu wafumbi]

Taonani awiriwa. Mfuti alibe, ngakhale chibonga. M'chikwamamo muli foni, kope ndi botolo la madzi basi. Koma chomwe achokera kwawo kutali n'choti mayi ali patsogoloyo akafike kukhoti n'kubwerera kunyumba wamoyo. Lero tikamba za anthu odzipereka amene amapita kunja kukaperekeza omenyera ufulu wachibadwidwe omwe akuopsezedwa kuti aphedwa.

Bungwe lodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Peace Brigades International, mwachidule PBI. Linakhazikitsidwa mu 1981 pachilumba cha Grindstone ku Canada, koma njira yoperekezayi inapezeka ku Guatemala, ndipo inapezeka pamaliro.

[Mapu a Guatemala]

M'zaka zimenezo asilikali a kumeneko ankangotola anthu, osaonekanso. Mu 1984 amayi omwe amuna ndi ana awo anasowa anayambitsa gulu lotchedwa GAM, ndipo poti panalibe amene akanalimba mtima kuwabwereka chipinda, ankakumana m'nyumba ya PBI. Chaka chotsatira atsogoleri awo awiri anaphedwa motsatizana: Héctor Gómez Calito, kenako Rosario Godoy de Cuevas, yemwe anapezeka m'galimoto m'chigwa pamodzi ndi mlongo wake ndi mwana wake wamng'ono, onse atafa. Kuyambira pamenepo anthu a PBI anayamba kukhala ndi atsogoleri otsalawo usana ndi usiku. Nineth Montenegro, mmodzi wa atsogoleriwo, akatuluka, mlendo wa PBI ali pambali. Mwana wake akamapita kusukulu, mlendo ali pambuyo.

Tsono apa tcherani khutu, chifukwa ambiri amaganiza kuti jekete lija ndilo limateteza. Ayi. Jekete limangouza woipayo kuti pali anthu ena kumbuyo. Ntchito yeniyeni imachitika ulendo usanayambe. Amalemba kalata kwa mkulu wa asilikali wa chigawocho, kwa mkulu wa apolisi ndi ku maofesi a akazembe, kunena kuti tsiku lakuti tidzakhala pamsewu wakuti ndi munthu wakuti. Amakhala pansi ndi mkuluyo, kumwa naye khofi, kumupatsa ulemu wake wonse, koma iye amatuluka akudziwa kuti dzina lake lalembedwa. Kanthu kakachitika, mafoni amayamba kulira kuchokera ku London, Berlin, Ottawa, aphungu a nyumba za malamulo akufunsa boma mafunso. Woombera sasamala zimenezo. Amene amasamala ndi womutuma, yemwe safuna kuti thandizo lakunja liime chifukwa cha iye.

Ndiye mwaona pomwe pali malire. Njirayi imagwira pokhapokha wopha uja ali ndi bwana woopa kuipitsa mbiri. Mu 1989 nyumba ya PBI ku Guatemala inaponyedwa bomba, ndipo chaka chomwecho anthu atatu a bungweli anabayidwa mipeni. Ku Colombia, komwe bungweli lakhala kuyambira 1994, anthu a m'dera la San José de Apartadó analengeza mu 1997 kuti sathandiza mbali iliyonse pankhondo yapachiweniweni ya m'dzikomo, ndipo alendo akhala akuwaperekeza. Komabe mu February 2005 anthu 8, kuphatikizapo ana atatu ndi mtsogoleri wawo Luis Eduardo Guerra, anaphedwa.

Pali china chowawa, ndipo sindichizemba. Chitetezochi nthawi zambiri chimadalira pasipoti yomwe uli nayo. Mu November 1989 ku El Salvador asilikali anagwira Karen Ridd wa ku Canada ndi mnzake Marcela Rodríguez wa ku Colombia, onse a PBI. Akazembe atachitapo kanthu, wa ku Canada uja anauzidwa kuti azipita. Wa ku Colombia ayi. Karen anakana kutuluka yekha, nabwerera m'kati, ndipo pamapeto pake anamasulidwa onse awiri. Nkhani yokoma, inde, koma dzifunseni kuti akanagwidwa Marcela yekha zikanatha bwanji.

[Chithunzi: tebulo lodzaza mapepala, foni ili pambali]

Nanga ofuna kupita? Musayembekezere moyo wa m'mafilimu. Masiku ambiri ndi odikira: pabenchi panja pa ofesi ya loya, pabwalo lamilandu, m'basi maola ambirimbiri, kenako kulemba malipoti. Mumakhala nyumba imodzi ndi anzanu ochokera maiko osiyana, foni ya usiku mumalandizana, ndipo chilichonse mumachita kugwirizana nonse, zomwe zimatopetsa kuposa ulendo wa m'phiri. Amafuna munthu wokhala chaka kapena kuposera apo. Ku Guatemala, Honduras, Mexico ndi Colombia uyenera kudziwa bwino Chisipanishi. Kuno ku Africa ali ndi ntchito ku Kenya kuyambira 2013. Satumiza munthu m'dziko lakwawo, poti abale ake angavutike ndipo angaoneke ngati ali mbali ina.

Lamulo lomwe limavuta achangu ambiri ndi ili: sulowerera. Sumuuza loya uja mmene ayendetsere mlandu, sunyamula chikwangwani pazionetsero, supereka ndalama. Ndipo simupita kulikonse mongoganiza nokha. Eni nkhaniwo ndiwo amayamba kupempha, kenako gulu lonse limaunika ngati kukhalapo kwanu kuwateteza kapena kuwaika pachiswe kwambiri, ndipo nthawi zina yankho limakhala lakuti ayi.