Usanayambe kuika Linux ku labu kuja, tamvera kaye za disiki

Halo mphwanga, ndi ine. Ndaona kuti umandiimbira, pepa, foni inali m'chikwama. Fayilo ya Kickstart ija wanditumizira, ya malangizo oti Rocky Linux adziike yekha pa makompyuta a ku labu, ndaiwerenga. Zambiri zili bwino, chilankhulo, nthawi, mapulogalamu, zonsezo usazikhudze. Pali mzere umodzi wokha umene wandiimitsa mutu, pamene walemba kuti disiki ya sda ifufutidwe. Voice note iyi italikirako, koma imvere mpaka kumapeto usananyamuke mawa.

Dzina loti sda si dzina la disiki inayake ayi. Linux amangolipereka kwa disiki imene wayamba kuiona poyaka, yotsatira n'kukhala sdb, choncho. Lero sda ikhoza kukhala hard drive ya m'kati, mawa n'kukhala chimene wina wabaya pa USB. Komanso makompyuta opatsidwa aja ndi osakanikirana. Atsopanoko ali ndi madisiki a mtundu wa NVMe, ndipo kumeneko sda kulibe n'komwe, dzina lake ndi nvme0n1. Timalaputopu totchipa tija timakhala ndi mmcblk0. Ukayesa pa makina ongoyerekezera a KVM upeza vda.

Ine zinandionekerapo, si nkhani yongomva. Pasukulu ina, sindiitchula, ndinasiya script ikuyenda ndili kukagula chipisi. Mphunzitsi wina anali atasiya hard drive yake yakunja ili chibayire kumbuyo kwa kompyuta, kachingwe kakuda kobisika ndi fumbi, ine osakaona. M'menemo munali mayeso a temu yonse ndi zithunzi za ukwati wake. Pobwera ndinapeza Linux atalowa bwinobwino, koma mu hard drive ya aphunzitsi ija. Nkhope imene anandiyang'ana nayo bambo aja mpaka lero ndimaikumbukira.

Ndiye uchite chonchi. Mizere yonse yokhudza disiki uichotse mu fayilo yaikulu. M'malo mwake ulembe mzere umodzi, %include /tmp/disiki.ks. Kafayilo kameneko sikanapangidwe, kadzapangidwa ndi gawo la %pre, limene Anaconda, pulogalamu yoika Linux, amaliyendetsa asanakhudze disiki iliyonse. Pa mzere wa %pre pomwepo uwonjezere mawu awiri: --erroronfail, kuti script ikalephera zonse ziime, ndi --log=/tmp/pre.log, kuti tidzakhale ndi poyang'ana zikavuta.

M'kati mwa %pre ufunse lsblk, lamulo loonetsa mndandanda wa madisiki. Lemba lsblk -d -n -b -o NAME,TYPE,SIZE,TRAN,RM,ROTA. Ka d kaja n'koti akuonetse madisiki athunthu okha osati zigawo zake, ka n n'kochotsa mzere wa mitu, ka b n'koti kukula kubwere m'mabayiti, nambala yosavuta kuyerekeza. Ukatero uyambe kusefa ngati ufa.

Choyamba, TYPE ikhale disk. Apo ndiye kuti DVD ndi ma loop agwa okha. Kenako TRAN, imene imaonetsa njira imene disiki yalumikizidwira, isakhale usb. Apa ndiima pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Amangodalira RM, yoonetsa ngati disiki ndi yozuka, poganiza kuti chilichonse chozuka chimaonetsa 1. Fulashi wamba nthawi zambiri imaonetsadi 1, koma hard drive yakunja, ngati ya aphunzitsi aja, kawirikawiri imaonetsa 0, kudzionetsa ngati ya m'nyumba. Ndiye uyang'ane zonse ziwiri, koma TRAN ndiye mboni yeniyeni. Pomaliza kukula: chilichonse chosakwana 60 GB chitaye. Zimenezi zichotsa tinthu ngati mmcblk0boot0, timene timadzitcha disk koma tili ndi ma megabayiti ochepa chabe.

Tsopano werenga zimene zatsala mu sefa. Ikatsala imodzi, basi ndi imeneyo. Zikatsala ziwiri, ina SSD ina hard drive yozungulira, ROTA ikuuza: 0 ndi SSD kapena NVMe, 1 ndi yozungulira. Utenge ya 0. Koma zikatsala ziwiri zofanana, kapena pasatsale kanthu, script isalote. Ilembe mndandanda wonse mu log, kenako exit 1. Ndikudziwa, uzidzati nanga phindu la automation n'chiyani ngati ikuima. Pa makompyuta 30 mwina awiri kapena atatu ndi amene angaime, ndipo amenewo udzawachita pamanja mphindi khumi. Zimenezo n'zopepuka kusiyana ndi kukafotokozera ahedi kuti kaundula wa fizi wapita.

Pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, kuyambira 20.04, autoinstall, imene ili ngati Kickstart yawo, ili ndi njira yachidule, umangolemba match kenako size largest, kuti asankhe disiki yaikulu kuposa zonse. N'zokoma m'maso, koma ganiza: m'kati muli SSD ya 256 GB, kunja wina wabaya ya 1 TB. Yaikulu ndi iti? Eya. N'chifukwa chake ine sindiikhulupirira payokha.

Disiki ikapezeka, dzina lake ulisunge mu variable, tinene DISIKI, ndiye ulembe mu kafayilo kaja mizere iyi. Woyamba, ignoredisk --only-use ndi dzinalo. Umenewu ndiye mpanda, Anaconda saonanso disiki ina iliyonse. Wachiwiri, clearpart --all --initlabel, ndipo usaiwale --drives ndi dzina lomwelo. clearpart wopanda drives amasesa disiki iliyonse imene akuiona. Wachitatu, bootloader --boot-drive, dzina lomwelonso, kuti GRUB, pulogalamu yoyatsa Linux, asakagone kwina.

Za kagawidwe sindichulutsa. Lemba reqpart --add-boot. Mzere umenewu umayang'ana wokha ngati makinawo ayaka ndi UEFI kapena BIOS yakale, n'kupanga chigawo choyenera: cha EFI chokhala ndi FAT, kapena kachigawo ka biosboot ka 1 MB pamene disiki ili GPT koma makina ndi a BIOS. Ukafuna kudzionera wekha, foda ya /sys/firmware/efi ikakhalapo ndiye kuti ndi UEFI. Kenako swap, root ya 40 GB, zotsala zonse upereke kwa /home ndi --grow. Ana asukulu amadzaza disiki ndi mavidiyo, ndiye bola adzaze home, root ipume.

Chinanso, usamalumikize nambala kudzina la disiki pamanja. Chigawo choyamba cha sda ndi sda1, koma cha nvme0n1 ndi nvme0n1p1, pali ka p pakati. Ukangolemba DISIKI ndi 1 kumapeto, pa NVMe upeza dzina limene kulibe. Musiye Anaconda atchule yekha, ndipo mu fstab, fayilo ya mndandanda wa zigawo, amaika ma UUID, manambala ozindikiritsa chigawo chilichonse, amene sasintha ngakhale wina abaye mafulashi asanu.

Aa, ndikanaiwala ziwiri za ku BIOS. Ukaona kompyuta ili ndi NVMe koma lsblk sakuiona, usathamangire kunena kuti disiki yafa. Lowa mu BIOS, pa SATA mode, ngati palembedwa RAID kapena Intel RST usinthe ikhale AHCI. Ndipo makompyuta akalekale aja a Core 2 Duo ali pakona, Rocky Linux 9 sayaka pamenepo, amafuna purosesa ya x86-64-v2. Amenewo uwapatule, tiwaikira Rocky Linux 8.

Usiku uno, usanagone, yesa kaye pa VirtualBox, pulogalamu yopangira makina ongoyerekezera. Panga makina okhala ndi madisiki awiri, mu yachiwiri uikemo kafayilo kalikonse, ngakhale chithunzi cha galu wako. Yendetsa kamodzi EFI itachongedwa, kamodzi isanachongedwe. Madisiki akakhala ofanana script iyenera kuima. Yachiwiri ikakhala ya 20 GB yokha script iyenera kupitirira, ndipo galu apezeke ali momwemo. Akasowa, usapite ku labu, undiimbire.

Mawa ukafika, zungulira kaye kumbuyo kwa kompyuta iliyonse ndi tochi ya foni, uzule chilichonse chimene si kiyibodi, mausi kapena chingwe cha netiweki. Inde script ikudziwa kupewa USB, komabe zula. Uyambe ndi kompyuta imodzi, osati zonse pakamodzi, ndipo ikhale pa UPS, kuopa magetsi angathime ili pakati pogawa. Ili m'kati moika, dina Ctrl, Alt ndi F2, upeza shell, ulembe cat /tmp/pre.log, ujambule sikirini unditumizire pa WhatsApp. Ndikhala ndili pa intaneti kuyambira 8 koloko. Bundle yanga yatsala pang'ono, ndiye zithunzi zokha, mavidiyo ayi.